Ndege yathu, nambala ya eni: mmene lendi imasewerera ndi phindu la Malawi Airlines

Miyezi ingapo yapitayo achemwali anga a ku Joni anabwera pa ndege. Nthawi zonse amabwera pa basi, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, n'kudzatsikira pompano pa boda pathu pa Mwanza miyendo itatupa, atagona masiku awiri panjira. Ulendo umenewu mayi anali atagonekedwa m'chipatala ndipo tinawauza kuti asachedwe. Anakongola ndalama kuntchito kwawo, n'kukwera ya Malawi Airlines mpaka pa Chileka. Atangotsika anajambula chithunzi. Ine n'kuchiponya pa gulu lathu la WhatsApp la achinyamata a pa boma, n'kulemba pansi pake kuti "ndege yathu iyi."

Mayi anachira, pano ali kumudzi akulimbana ndi manachesi awo. Chimene sichinathe ndi mkangano umene chithunzi chija chinabutsa. Mnyamata wina wamaso akuthwa anachikulitsa n'kuloza tizilembo tili chakumbuyo kwa ndegeyo. Tikuyamba ndi ET. "Yathu iti, aise? Ndege za kuno zimayamba ndi 7Q. Iyi ndi ya ku Ethiopia, angoipaka penti basi." Gulu linagawikana pomwepo. Ena akuti a ku Ethiopia akutidyera masuku pamutu. Ena akuti bola ndege ikuuluka, mukufunanso chiyani, Air Malawi ija munali nayo inakuthandizani chiyani? Poti ine ndimalembera mabuku a ndalama eni mashopu angapo pa boma pano, anandikokera m'nkhanimo kuti ndiweruze. Pa WhatsApp sizikanatheka, ndiye ndati ndilembe pano.

Mnyamata uja sananame. Dziko lililonse lili ndi zilembo zake zolembetsera ndege, monga mmene galimoto ilili ndi nambala. Zathu ndi 7Q, za ku Ethiopia ndi ET. Air Malawi itatsekedwa, mu 2013 boma linagwirizana ndi Ethiopian Airlines kuti akhazikitse kampani yatsopano. Boma linatenga masheya 51 pa 100 alionse, Ethiopian inatenga 49. Kampaniyi inayamba kuuluka pa 31 January 2014 ndi dzina loti Malawian Airlines, ndipo kenako inasintha kukhala Malawi Airlines. Ndege zimene inayamba nazo, Boeing 737 ndi ija yamapiko ozungulira ya Q400, zinachokera ku Ethiopian pa lendi.

Musafulumire kuchita manyazi. Pafupifupi theka la ndege zonse zonyamula anthu pa dziko lapansi ndi zalendi. Kampani ya AerCap ya ku Dublin, ku Ireland, ili ndi ndege zoposa 1,000 koma siigulitsa tikiti ngakhale imodzi. Ntchito yake ndi kubwereketsa basi. Boeing 737-800 yatsopano mtengo wake wolembedwa unkaposa madola 100 miliyoni, ndipo ngakhale ogula zambiri amachotseredwa kwambiri, ndalama yotsalayo siyoti kampani yaing'ono ya ku Malawi n'kungoitulutsa m'thumba. Ndiye kuti ndege ndi yalendi si nkhani. Nkhani ndi yoti lendiyo imalembedwa bwanji m'mabuku, chifukwa pamenepo ndi pamene mawu oti "tapanga phindu" kapena "taluza" amaphikidwira.

Tiyeni tiyambire pa siteji ya kabaza, pamene tonse timadziwa.

Msuweni wanga amayendetsa njinga yamoto pakati pa boma ndi boda. Njingayo si yake. Pa siteji pali migwirizano iwiri imene aliyense amaidziwa. Woyamba, umapereka ndalama yokhazikika kwa bwana tsiku lililonse, yotsala ndi yako, ndipo njinga ikhalabe ya bwana mpaka kalekale. Wachiwiri, umapereka yochulukirapo kwa miyezi imene mwapangana, ukamaliza njinga ndi yako. Makampani a ndege ali ndi migwirizano iwiri yomweyi. Woyamba uja amautcha operating lease, wachiwiri finance lease.

Kwa zaka zambiri lamulo la akatswiri owerengera chuma, lotchedwa IAS 17, linkati mgwirizano wachiwiriwo uzilembedwa ngati ngongole, chifukwa kwenikweni ukugula pang'onopang'ono. Koma woyamba uja ayi. Unkangolemba lendi ya chaka chimenecho pamodzi ndi mafuta ndi malipiro a antchito, basi. Pa balance sheet, tsamba limene limasonyeza katundu wa kampani mbali ina ndi ngongole zake mbali inayo, ndegeyo sinkaoneka ndipo lonjezo lolipira lendi kwa zaka 10 silinkaonekanso. Linkabisala kumapeto kwa mabuku, m'tizilembo ting'onoting'ono timene anthu ambiri sawerenga.

Taganizani. Msuweni wanga wasaina kuti azipereka, tinene, K8,000 tsiku lililonse kwa zaka ziwiri, kaya wadwala, kaya kwagwa mvula, kaya apolisi amulanda njinga. Pamodzi ndi K5,840,000. Kenako akupita kukafunsira mbeta n'kumauza akuchikazi kuti "ine ndilibe ngongole ndi munthu aliyense." Akunama kapena akunena zoona? Mwa lamulo lakale lija, akunena zoona. Mwa nzeru za agogo anu, akunama.

Sir David Tweedie, amene anali wapampando wa IASB, bungwe la ku London lokonza malamulo amenewa, ankakonda kuseka kuti asanamwalire akufuna adzakwereko ndege imene ikupezeka pa balance sheet ya kampani yoiyendetsa. Bungwe lakelo linawerengera kuti makampani a pa misika ya masheya pa dziko lonse anali ndi malonjezo a lendi okwana pafupifupi madola 3.3 thiriliyoni, ndipo oposa 85 pa 100 alionse sankaoneka pa balance sheet. Mu January 2016 anatulutsa lamulo latsopano, IFRS 16, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2019. Kuno kwathu makampani akuluakulu amatsata malamulo omwewa a IFRS, ndipo bungwe la maakawuntanti la ICAM ndi limene limaonetsetsa zimenezi.

Lamulo latsopanoli likuti: ukasaina lendi yazaka, werengera lendi yonse imene walonjeza, uibweretse pa mtengo wa lero, uilembe ngati ngongole. Mbali inayo ulembe "ufulu wogwiritsa ntchito ndegeyo" ngati katundu wako. Ndege ikhalabe ya mwini wake, nambala ikhalabe ET, koma m'mabuku ikuoneka ngati munthu wakongola ndalama ku banki n'kugula.

Apa ndiye pamene phindu limayamba kusinthasintha nkhope. Ndipereke chitsanzo cha manambala ongoyerekeza, si a kampani iliyonse. Tinene kuti ndege ina lendi yake ndi madola 200,000 pamwezi kwa zaka 6. Pachaka ndi madola 2.4 miliyoni, pazaka zonse 14.4 miliyoni. Mwa lamulo lakale, chaka chilichonse unkalemba 2.4 miliyoni, osasintha. Mwa latsopanoli, tikawerengera ndi chiwongoladzanja cha 10 pa 100 pachaka, ngongole yolemba tsiku loyamba ndi pafupifupi madola 10.8 miliyoni. Mawu oti lendi achoka m'mabuku, m'malo mwake mwalowa zinthu ziwiri. China ndi kutha mphamvu kwa katundu uja, chimene amati depreciation, madola 1.8 miliyoni chaka chilichonse. China ndi chiwongoladzanja cha ngongole ija, chimene chimakhala chachikulu poyamba n'kumachepa pamene ngongole ikutsika, ngati mmene zimakhalira ku banki m'khonde mukamabweza. Chaka choyamba chiwongoladzanjacho ndi madola 1 miliyoni ndi kakachidutswa, ndiye zonse pamodzi ndi pafupifupi 2.8 miliyoni. Chaka chomaliza zonse pamodzi ndi pafupifupi 1.9 miliyoni.

Mwaona? Ndalama yotuluka m'thumba ndi yomweyomweyo, 2.4 miliyoni chaka chilichonse. Koma kampani imene yangotenga ndege kumene imaoneka ngati ikuvutika kuposa mmene ilili, ndipo imene lendi yake ili kumapeto imaoneka ngati yayamba kuchita bwino, pamene sipanaonjezereke wokwera ngakhale mmodzi. Bwana amene wabwera chaka chachisanu akhoza kuomberedwa m'manja chifukwa cha masamu okha.

Palinso kachinyengo kena kololedwa ndi lamulo. M'mabuku muli mizere ingapo imene yonse anthu amaitcha phindu. Pali operating profit, phindu la ntchito yeniyeniyo usanachotse chiwongoladzanja ndi msonkho. Pali phindu lomaliza, lotsala zonse zitachotsedwa. M'chitsanzo chathu chija, kale 2.4 miliyoni yonse inkachotsedwa pamwamba. Pano pamwamba pakuchotsedwa 1.8 miliyoni yokha, chiwongoladzanja chatsikira pansi. Operating profit yakwera ndi madola 600,000 popanda wina kukhetsa thukuta. Ndiye mukaona positi pa Facebook yoti kampani yakutiyakuti yapanga phindu la mabiliyoni, funso loyamba likhale loti phindu lake liti, lapamwamba kapena lapansi?

Koma kwa ife a ku Malawi zonsezi ndi zazing'ono. Chilombo chenicheni ndi dola.

Lendi ya ndege imalipiridwa mu madola pafupifupi kulikonse. Pa 9 November 2023 tinadzuka Reserve Bank of Malawi itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Ife a pa boda tinaona zimenezi ndi maso: anyamata osintha ndalama anali atasintha kale mitengo dzuwa lisanakwere, ndipo amayi okaoda katundu ku Zobue anabwerera ndi majumbo osadzaza. Tsopano taganizani kampani imene mabuku ake ali mu kwacha, ndipo ili ndi ngongole ya lendi ya madola 10 miliyoni pa balance sheet. Madzulo ngongoleyo inali K11.8 biliyoni. M'mawa yafika K17 biliyoni. Kusiyana kwa K5.2 biliyoni kumeneko lamulo likuti kulembedwe ngati kuluza kwa chaka chomwecho. Ndipo katundu uja wa mbali inayo, ufulu wogwiritsa ntchito ndege, sakwera nawo. Amakhala pa mtengo wa tsiku limene analembedwa. Ndege zikuuluka bwinobwino, zadzaza, oyendetsa afika pa nthawi, koma chaka chonse chafiira chifukwa cha chikalata chimodzi chochokera ku Lilongwe.

Pansi pa lamulo lakale, K5.2 biliyoni imeneyi sikanaoneka tsiku limodzi. Ikanabwera pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi. Ena amati nchifukwa chake kuluza kotereku ndi kwa papepala chabe. Ine sindigwirizana nawo kwenikweni. Zoona, palibe amene anatulutsa K5.2 biliyoni m'mawa umenewo. Koma lendi ya madola 200,000 ija, imene inali K236 miliyoni pamwezi, yasanduka K340 miliyoni pamwezi, ndipo kwacha yathu tikuidziwa, ikatsika sibwerera. Papepalapo pangolembedwa lero ululu umene ukubwera ndithu. K104 miliyoni yoonjezerayo mwezi uliwonse ichokera kuti? Mbali ina imaphimbidwa ndi matikiti ogulitsidwa kunja mu madola ndi marandi. Yotsalayo imalowa mu tikiti ya munthu wogula ndi kwacha. Nchifukwa chake kwacha itangogwa Malawi Airlines inayamba yaimitsa kaye kugulitsa matikiti kuti ikonze mitengo, ndipo South African Airways inasiya kubwera kuno kumapeto kwa mwezi womwewo. Chaka cha 2022, pamene kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti mu May, Kenya Airways nayo inaimitsapo kugulitsa matikiti kuno chifukwa ndalama zake zinkakanika kutuluka, madola kunalibe.

Kenya Airways yomweyo ndi chitsanzo chabwino kwambiri, poti mabuku ake amasindikizidwa poyera chifukwa ili pa msika wa masheya wa ku Nairobi. Mu 2023 inapanga operating profit ya mashilingi 10.5 biliyoni. Koma pansi penipeni inaluza mashilingi oposa 22 biliyoni, ndipo chachikulu chinali kugwa kwa shilingi pa ngongole ndi lendi za mu madola. Mu 2024 shilingi inalimba, kuchoka cha m'ma 160 pa dola kufika cha m'ma 129, ndipo kampaniyi inalengeza phindu la mashilingi 5.4 biliyoni, loyamba patatha zaka zoposa 10. Antchito anagwira ntchito, sindikukana. Koma aliyense wowerenga mabukuwo anaona kuti dzanja lalikulu linali la shilingi.

Mwina mukuganiza kuti ndi IFRS 16 zobisa zonse zinatha. Ayi ndithu, zitseko zina zinasiyidwa zotsegula. Lendi ya miyezi 12 kapena kucheperapo kampani ikhoza kusankha osailemba ngati ngongole. Lendi yolipira molingana ndi maola amene ndege yauluka, yopanda ndalama yokhazikika, nayonso silowa mu ngongole ija. Pa kabaza tingati ndi mgwirizano woti "tigawana zimene wapeza lero", osati "K8,000 kaya zivute zitani." Palinso kusiyana kwa dry lease, pamene umatenga ndege yokha n'kupeza wekha oyendetsa ndi okonza, ndi wet lease, pamene ndege imabwera ndi oyendetsa ake, okonza ake ndi inshuwalansi yake, ndipo gawo lina la ndalamayo limawerengedwa ngati malipiro a ntchito osati lendi. Ndege imodzi yomweyo, njira yomweyo ya Chileka mpaka Johannesburg, okwera omwewo, ikhoza kutulutsa manambala atatu osiyana a phindu kutengera mtundu wa pepala limene linasainidwa.

Ndiye pali nkhani yokonzetsa. Mwini ndege salola kuti umubwezere chiphakasa. Mgwirizano umanena kuti pobweza injini zikhale zitatsala ndi maola akutiakuti, mipando ndi penti zikhale mwakutimwakuti. Kukonzetsa injini imodzi yokha ya 737 kumadya mamiliyoni a madola. Kampani yosamala imasunga ndi kulemba ndalama imeneyi pang'onopang'ono chaka chilichonse. Kampani yofuna kuoneka bwino lero imayerekeza mochepetsa, bomba n'kudzaphulikira amene adzakhalepo chaka chobweza ndege. Msuweni wanga amazidziwa izi: bwana wake amayang'ana matayala ndi tcheni asanalandire makiyi.

Tsopano kwa anzanga amene akuti tingogula zathu zikhale za 7Q. Tinali nazo. Air Malawi, imene inayamba mu 1964 pansi pa Central African Airways n'kudziimira payokha mu 1967, inali ndi VC10 imene inkapita ku London kuyambira 1974 mpaka 1979. Itasiya kuuluka inakhala pa Chileka zaka zambiri ikungochita dzimbiri, makolo athu amaikumbukira. Mu 1991 kunabwera Boeing 737-300 yatsopano imene inapatsidwa dzina loti Kwacha. Inali yathu ndithu, koma pofika kumapeto ndege za kampaniyi zinkangokhalira pansi posowa ndalama zokonzetsera, ngongole zili m'khosi, mpaka boma linaitseka. Ndipo lendi si yachilendo kuno: mu 1985, a Kamuzu Banda akupita ku Britain, Air Malawi inabwereka Boeing 747SP ku South African Airways n'kuipaka utoto wathu kwa masabata ochepa chabe. Zopaka penti sizinayambe lero, aise.

Ndiye vuto langa si lendi ayi. Chimene chimandisowetsa tulo pa nkhani ya Malawi Airlines ndi chakuti wobwereketsa ndege ndi yemwenso ali mnzathu mu bizinesi, ndipo akuluakulu oyendetsa kampaniyi tsiku ndi tsiku akhala akuchokera kwa iye yemweyo.

Tiwerenge bwinobwino. Lendi imalipiridwa phindu lisanawerengedwe. Eni masheya amagawana zotsala, ngati zatsala. Tinene kuti lendi yakwera ndi dola imodzi. Ethiopian ngati mwini ndege yalandira dola yonseyo. Ethiopian ngati mwini masheya yataya masenti 49 pa phindu limene lachepa. Yatsala ndi masenti 51 oonjezera. Masenti 51 amenewo ndi omwe boma la Malawi lataya. Lendi ikatsika ndi dola imodzi, masamu amatembenuka, ife ndi amene timapindula. Kunena kwina, mtengo wa lendi ndi umene umagamula kuti ndalama ya tikiti ya achemwali anga igawidwe bwanji pakati pa Lilongwe ndi Addis Ababa. Kampani ikhoza kumaluza chaka ndi chaka, mwini masheya mmodzi akulandirabe yake mwezi uliwonse kudzera pa lendi, kukonza ndege ndi kuphunzitsa antchito, pamene mnzakeyo akudikira phindu limene silikubwera.

Ndisanamveke molakwika: sindikunena kuti wina akuba. Masamu amenewa ndi a mgwirizano uliwonse wamtundu umenewu, kaya anthu ake ndi angelo. Ndiponso tinene chilungamo. Kampani ya ndege ziwiri kapena zitatu, ya m'dziko limene madola amasowa mpaka mafuta kusowa pa filing'i siteshoni, ikapita yokha ku Dublin kukapempha Boeing, angaiuze kuti isiye chikole chachikulu ndipo lendi yake ingakhale yokwera, mwinanso kukanizidwa kumene. Ethiopian ndi kampani ya ndege yaikulu kuposa zonse mu Africa, ili ndi malo ake okonzera ndege ndi sukulu yake ya oyendetsa ndege. Ndege ikaonongeka, ili ndi ina yoti n'kutumiza. N'kutheka ndithu kuti mtengo umene timalipira ndi wabwino kuposa wa pamsika. Koma "n'kutheka" si yankho loti mwini masheya 51 pa 100 azikhutira nalo. Bwana wa msuweni wanga ndi munthu wabwino, amapemphera, koma kabuku kolembamo za tsiku ndi tsiku kali ndi onse awiri.

Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza ngakhale ife amene sitinakwerepo ndege chinaoneka nthawi ya Covid. Ndege zonyamula anthu zinaletsedwa kuno kuyambira pa 1 April 2020 mpaka kumayambiriro kwa September. Ndege ikaima, mafuta sugula, koma lendi yokhazikika siima, pokhapokha mwini wake atakumvera chisoni. Vutoli linali la dziko lonse, moti IASB mu May 2020 inachita kufewetsa lamulo lija kuti makampani athe kulemba mosavuta lendi zimene akhululukiridwa kapena kuchedwetseredwa. Kuno, mu March 2021 bodi ya Malawi Airlines inavomereza kuti ngongole za kampaniyi zaposa katundu wake, ndipo panali nkhani yoti itsekedwe. Boma linasankha kuipulumutsa. Boma likati lipulumutsa, ndalama yake ndi ija mumadulidwa mukagula mayunitsi, sopo ndi mafuta a njinga, ndi ija amalonda athu amalipira pa boda pano. Munthu wa ku Thambani amene ndege amangoionera m'mwamba ali ndi gawo mu lendi imeneyi.

Anzathu a ku Mozambique anaona mbali ina ya nkhaniyi. Ethiopian Mozambique Airlines inayamba kuuluka mu December 2018 n'kusiya mu May 2021. Ku Chad, Tchadia Airlines, imene Ethiopian inalinso ndi masheya 49 pa 100, inatsekedwa mu 2022. Kampani ya ndege zalendi ikafa, ndege zimabwerera kwawo. Palibe chogulitsa kuti ulipire antchito ndi amene uli nawo ngongole, umatsala ndi madesiki ndi makompyuta. Komabe a ku Zambia anaona zonsezi n'kusankha njira yomweyo: Zambia Airways inayambiranso mu December 2021, boma kudzera ku IDC lili ndi 55 pa 100, Ethiopian 45. Ku Togo, ASKY yakhala ikuuluka pa mgwirizano wofanana kuyambira 2010 ndipo yakula. Njira ndi imodzi, zotsatira n'zosiyana, ndipo kusiyanako kumakhala m'mapepala a mgwirizano.

Mapepalawo si oti sangafunsidwe. Pali lamulo lina la IFRS, IAS 24, limene limakakamiza kampani kulemba poyera m'mabuku ake apachaka ndalama zonse zimene yalipira kwa mwini masheya wamkulu ndi ngongole imene ili nayo kwa iye. Ndiye tsamba limenelo liyenera kukhalapo. Ine nditapatsidwa mabuku a Malawi Airlines, sindingayambire pa phindu. Ndingatsegule tsamba limenelo, ndione kuti chaka chimenecho ku Ethiopian kunapita zingati za lendi, zingati zokonzetsa, zingati za oyang'anira, ndipo zingati sizinalipiridwe. Kenako ndingaone ngongole ya lendi pa balance sheet, kuti ndi ya zaka zingati ndipo ili mu ndalama yanji. Kenako mzere wa kuluza kapena kupindula chifukwa cha kusintha kwa kwacha, kuti ndiuchotse n'kuona ngati ntchito youlutsa anthu payokha ikubweretsa kanthu. Phindu lomaliza ndingalione pamapeto, ngati mmene umaonera zigoli utaonera kale mpira wonse.

Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma, la Access to Information, linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Nyumba ya Malamulo ili ndi komiti yoona za makampani a boma. Aphungu athu a ku Mwanza kuno ali ndi mpata wofunsa nduna funso m'nyumbamo, ndipo ambiri a inu muli ndi manambala awo, mumawavutitsa kale za mijigo ndi mayunifolomu a timu. Funso loti lendi ya ndege za Malawi Airlines ndi zingati pamwezi, ndipo inayerekezedwa ndi mtengo wa ndani isanasainidwe, silitenga ndi mphindi ziwiri zomwe kulilemba.

Pa gulu lathu lija nditaponya zina mwa izi, mnyamata wamaso akuthwa uja anayankha kuti, "Ndiye mukuti yathu kapena si yathu, akulu?" Ndinamuuza kuti ndege si yathu, koma ngongole ya lendi yake, pa K100 iliyonse K51 ndi yathu. Anatumiza kankhope kolira, wina n'kusintha nkhani kuyamba za Bullets ndi Wanderers.

Achemwali anabwerera ku Joni patatha masabata atatu. Tinayang'ana mtengo wa tikiti ya ndege pa foni, tinayang'anana, n'kukagula ya basi. Msuweni wanga ndi amene anawanyamula pa njinga kukawasiya pa boda m'mamawa, chikwama chili pa thanki, thumba la manachesi ndi ufa lili kumbuyo. Ndalama anakana kulandira, koma anadandaula njira yonse kuti bwana wake wakwezanso ya patsiku, akuti matayala ndi sipeya za ku Tete zakwera chifukwa cha dola.